Majampa a Boti la Apongozi

Apongozi anga aamuna atapuma pa ntchito anagula boti. Anagwira zaka zambiri pachipatala cha mishoni, kuyeza odwala ndi kuwalembera mankhwala, ndipo tonse tinkayembekezera kuti akapuma aziweta nkhuku monga amachitira anzawo. Iwo anati nkhuku ndi za anthu opanda masomphenya. Anabwerera kwawo ku Chitimba n'kugula boti lamatabwa lalitali, loti lizinyamula anthu ndi katundu kupita kumidzi ya m'mbali mwa nyanja kumene msewu sufika.

Ine kwathu ndi ku Dedza. Ndinabwera ku Rumphi boma litanditumiza kukaphunzitsa kuchigwa cha Henga, ndipo ndinakwatiwa komweko ndi mphunzitsi mnzanga, mwana wachiwiri m'banja limeneli. Ndi banja lophunzira kwambiri. Akafuna kusankha penti wopaka chimbudzi amayamba ndi pemphero, wina n'kufotokoza kumene nkhaniyo yachokera, ndipo pakafika povuta onse amasiya Chitumbuka n'kuyamba Chingerezi. Ine monga mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo, mbali yanga pamisonkhano yotereyi inali kubweretsa tiyi ndi kugwedeza mutu.

Maboti ambiri pagombe lija amalizidwa ndi chingwe. Munthu amakoka, injini n'kulira. Apongozi anati phewa lawo lakalamba, komanso mkulu wa mpingo sangamakoke chingwe anthu akuona ngati akulimbana ndi mbuzi yokana kupita kumsika. Choncho anagula injini yoliza ndi kiyi ngati galimoto, yodalira batire. Batirelo linali labwino ndithu, kungoti mwini wake anali ndi mtima wabwino kuposa batirelo. Kwaya ikafuna kuyeserera nyimbo pa zokuzira mawu, inkabwereka batire. Pamaliro pakafunika magetsi, batire lomwelo. Mafoni a theka la mudzi ankadya pomwepo. Ndiye Lolemba m'mawa, anthu atakhala kale pamatumba awo a chimanga, apongozi ankatembenuza kiyi mwaulemu wonse, injini n'kungoti tche, tche, basi.

Pafupi ndi boti lawo pankaima boti lina la kiyi, la bambo wina wogula usipa. Masiku oyamba bamboyo ankamasula batire lake, kulisenza paphewa, kuyenda nalo m'madzi olekeza m'chiuno mpaka paboti la apongozi, kudikira kuti injini ilire, n'kubwerera nalo. Apongozi ankamuthokoza ndi mawu ambiri ndi kumukumbutsa za mphotho ya kumwamba. Munthuyo atatopa ndi mphotho ya kumwamba, anawapempha kuti agule majampa, mawaya awiri aja, wofiira ndi wakuda, okhala ndi zopanira zamano kumapeto, olumikizira batire lamoyo ku batire lakufa.

Nkhaniyo inalowa pagulu la banja la pafoni. Woyamba kuyankha anali alamu anga aakulu, amene amagwira ntchito muofesi ku Joni. Analemba kuti pasapezeke wina wogula chilichonse, chifukwa katundu wa m'masitolo a kuno ndi amene mayiko ena anamukana, ndipo majampa enieni abwera nawo okha pa Khirisimasi. Amuna anga anayankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu chovomereza. Atatero anaika foni pansi n'kundifunsa kuti kodi adada akadwala amawaperekeza kuchipatala ndani, denga likadontha amathamangirako ndani, ndipo kodi munthu wokhala ku Joni nyanja anaiona liti komaliza.

Loweruka lotsatira tinakwera minibasi, kudutsa pa Njakwa mpaka paboma la Rumphi. Ine ananditenga kuti ndikakhale mboni. Tinalowa m'sitolo ina yogulitsa chilichonse, kuyambira matcheni a njinga mpaka mankhwala a makoswe. Amuna anga amaphunzitsa za malo ndi mapu, choncho kwa iwo vuto lililonse ndi la mtunda. Anafotokozera wogulitsa kuti maboti saima mogundana ngati magalimoto, ndiye chofunika ndi kutalika. Wogulitsayo anavomereza. Akanamuuza kuti chofunika ndi fungo, akanavomerezanso. Anatsitsa paketi yokhala ndi chithunzi cha mphezi ndi manambala akuluakulu, ndipo mawaya ake anali aatali zedi, okwana kuyanikapo zovala za banja lonse.

Nditawanyamula ndinati akupepuka kwambiri.

“Amayi, zinthu zamakono zimapepuka,” anatero amuna anga. “Foni yanuyo ikulemera ngati wailesi ya agogo anu?”

Tinawatengera ku Chitimba tsiku lomwelo, kutsika mapiri a Chiweta amuna anga atawafungatira pamiyendo ngati khanda. Apongozi anawalandira ndi manja awiri, anathokoza, n'kuwaika pamwamba pa kabati. Anati sangawagwiritse ntchito mwana wawo wamkulu asanabwere ndi ake, kuopa kuti zingaoneke ngati akukondera. Motero bambo wa usipa uja anapitiriza kusenza batire m'madzi kwa milungu ingapo, pofuna kuti m'banja la eni ake mukhale chilungamo.

Alamu anafika Khirisimasi itayandikira. Majampa awo anali m'kachikwama kakuda ka zipi, momwe munalinso magolovesi ndi kapepala ka malangizo. Mawaya ake anali onenepa ngati chala chachikulu, zopanira zake zonyezimira ngati sipuni zatsopano. Anawayala patebulo pakati pa makapu a tiyi, ndipo alendo onse obwera kudzawalonjera ankayamba aona kaye majampawo. Palibe anatchula kuti anali aafupi, osatalika kuposa chitenje. Ine ndinaona, koma ndinali ndi tiyi m'manja.

Apongozi analamula kuti majampa a ana onse awiri ayesedwe m'mawa wotsatira tsiku la Khirisimasi. Za batire lakufa panalibe nkhawa, kwaya inali italimaliza kale ndi nyimbo za abusa ndi angelo. Kunacha kuli kamphepo ka mpoto ndipo mafunde ankabwera mosalekeza, osati aakulu kwenikweni koma okwanira kuvinitsa boti. Anthu anasonkhana pamchenga ngati pali ubatizo. Apongozi aakazi anaima chapatali ndi ambulera yawo. Iwo chigulireni botilo anali asanaliponde, ndipo ankalitchula kuti mkazi wachiwiri wa adada.

Litatha pemphero, anayamba ndi alamu, pakuti ndiwo oyamba kubadwa. Anakwera m'boti atavala nsapato zoyera ndi magolovesi aja. Anapana mbali imodzi pabatire la apongozi, n'kutambasula mkono kuti apatsire mbali inayo bambo wa usipa, koma pakati panatsala madzi ambiri. Analamula kuti maboti asendezedwe. Anasendezedwa, osafikabe. Anasendezedwanso mpaka anagundana nthiti. Funde likabwera lina linkakwera lina likutsika, matabwa akukhulana ndi kulira ngati chitseko chakale. Bambo wa usipa anapana mbali yake nkhope itakwinyika. Funde lotsatira linakoka maboti, chopanira chofiira chinasomphoka n'kukagunda chakuda, ndipo moto unathetheka pafupi penipeni ndi chigubu cha petulo.

Woyendetsa boti la apongozi, bambo wamkulu ndithu amene yankho lake pa chilichonse linali lakuti yewo adada, ndiye kuti zikomo bambo, tsiku limenelo sananene yewo. Anangodziponya m'madzi. Bambo wa usipa anakankha boti lake ndi nkhafi, ndipo pomwepo tinaona kuti thabwa la m'mphepete mwake lang'aluka. Alamu anapezeka atakhala pansi m'madzi a m'boti, onunkha usipa ndi petulo. Atadzuka anafotokozera khamu lonse m'Chingerezi kuti majampawo alibe vuto lililonse, vuto ndi nyanjayi.

Amuna anga sanaseke. Anangokhala ndi nkhope ya munthu amene akuyesetsa kuti asaseke pamaliro. Zinatenga nthawi kunyengerera bambo wa usipa kuti abwerenso, ndipo anavomera atalonjezedwa kuti thabwa lake likonzedwa ndiponso kuti boti lake liima patali. Amuna anga anaponya mawaya awo, n'kufika bwinobwino, ena kutsala atadzipinda m'boti. Anatembenuka kuyang'ana anthu pamchenga kuti aliyense aone zimene maphunziro a mapu amachita.

Apongozi anatembenuza kiyi. Injini inabuula pang'onopang'ono ngati munthu wodzutsidwa ali ndi malungo, n'kusiya. Amuna anga anati ayesenso, ndipo asasiye msanga. Apongozi anagwira kiyi osasiya. Tinayamba kumva fungo la pulasitiki wopserera, kenako utsi unatuluka pa waya wofiira, chikopa chake chikufewa ndi kudontha. Amuna anga anathamangira kuchotsa chopanira ndi dzanja lopanda kanthu, n'kupsa zala zitatu. Pamene chikopacho chinasungunuka tinaona zam'kati: timawaya towerengeka, topyapyala ngati tsitsi, toyera m'kati, topakidwa mtundu wa kopa pamwamba pokha. Amuna anga, zala zili m'nyanja, ananena kuti batire la adada ndi limene lili ndi vuto.

Apongozi aakazi anapinda ambulera yawo n'kundiuza chapansipansi kuti, “Ana onse awiriwa tinawaphunzitsa ndife, mpaka pamwamba.” Anatembenuka n'kumapita kunyumba.

Madzulo a tsikulo kunali msonkhano. Aliyense anavomereza kuti pakufunika majampa ena, koma wokagula ndiye anasowa. Kutuma wamkulu kukanakhala kunyoza wamng'ono, kutuma wamng'ono kukanakhala kunyoza wamkulu, ndipo apongozi okha sakanapita chifukwa akanaoneka ngati ataya chikhulupiriro mwa ana awo. Anakambirana mpaka tiyi anazizira. Pomaliza apongozi anandiyang'ana ndikutolera makapu.

“Apite mkamwana,” anatero m'Chichewa chawo chokhala ndi kayimbidwe ka Chitumbuka. “Iyeyu za magetsi sadziwa chilichonse, ndiye palibe chimene chingamusokoneze.”

Onse anagwirizana nazo mwachangu. Chiyambireni kukhala m'banjamo, aka kanali koyamba kupatsidwa udindo, ndipo ndinaupeza chifukwa cha umbuli.

Alamu asanabwerere ku Joni anandikokera pambali n'kundipatsa malangizo a manambala oti ndikayang'ane papaketi. Amuna anga nawo anandipatsa awo. Ndinawamvera onse mwaulemu. Koma paketi ya amuna anga ija inalinso ndi manambala, aakulu kuposa a alamu, ndipo ndinali nditaona kumene anatifikitsa. Zimene ndinkadziwa ine ndi zimene ndinaona ndili pamchenga: aafupi amagundanitsa maboti, opyapyala amapsa, ndipo zopanira zachitsulo chosavala zimathetheka zikakhudzana. China ndinachiona chaka chatsopano chitangolowa. Majampa a ku Joni aja anawasiya pansi m'boti, m'chinyezi, ndipo nditapita kukawatenga ndinapeza mano ake atafiira ndi dzimbiri, kasipuling'i kake kakuuma. Kunyezimira konse kuja kunali kwa Khirisimasi yokha.

Ndinapita ku Mzuzu sukulu zisanatsegulidwe. Ndinazungulira masitolo angapo ndikufunsa majampa a boti, ndipo kulikonse ankandionetsa paketi ya mphezi ija n'kunditsimikizira kuti ndi ya boti, ya ndege yomwe. Kenako ndinalowa m'sitolo ya zipangizo za malole. Munali mayi wina wonenepa, akudya chinangwa chokazinga. Nditamufotokozera anandiuza mosabisa kuti iye boti sanakwerepo ndipo alibe nalo cholinga, koma majampa ali nawo amitundumitundu, ndisankhe ndekha. Anawaunjika pakauntala n'kubwerera ku chinangwa chake.

Ndinachita monga ndimachitira pogula nsalu kapena nkhuku. Ndinkanyamula kuti ndimve kulemera. Ndinkapinda kuti ndione ngati akufewa kapena akuuma ngati nthambi. Ena anali onenepa mochititsa kaso koma opepuka, ndipo nditasendeza labala pafupi ndi chopanira ndinapeza kuti kunenepa konseko ndi chikopa, waya weniweni ndi kochepa pakati, ngati masamusa a pamsika amene nyama yake umachita kuifunafuna. Ndinamasula pini pachikwama changa n'kumakanda timawaya tam'kati. Tina tinkasuluka n'kuyera. Mayi uja anangondiyang'ana n'kunena kuti ndikande pobisika, ena adzagula.

Pansi pa mulu panali ena akuda ndi fumbi, opanda paketi, omangidwa ndi chingwe. Anali olemera moti ndinachita kuwakweza ndi manja awiri. Nditakanda, mtundu wa kopa sunachoke, unali womwewo mpaka m'kati. Mano a zopanira analinso a kopa, ndipo zopanirazo zinali zovala labala paliponse kupatula kumano kokha. Kuzitsegula kunkafuna mphamvu, ndipo nditapanitsa chimodzi pachitsulo cha chitseko n'kukoka, sichinasomphoke. Ndinapempha mayiyo kuti agwire mbali imodzi, ine n'kuyenda chafutambuyo ndi inayo mpaka ndinatuluka pakhonde, kutsala pang'ono kugwera mu ngalande. Ndinayerekeza ndi mpata umene bambo wa usipa anaimika boti lake tsiku lija, ndipo ndinaona kuti akwana, n'kutsalako. Mayiyo anati amenewo amagula ndi eni malole onyamula fodya. Ndinatenga omwewo. Ndinagulanso ndowa ya chivindikiro yosungiramo ndi kachitini ka girizi kopaka mano ake kuti dzimbiri lisawapeze.

Nditafika nawo kunyumba mkono unali utachita dzanzi. Amuna anga, zala zidakali m'bandeji, anawazungulira kawiri n'kunena kuti awa ndi a lole, boti si lole. Alamu anapempha chithunzi cha paketi. Nditawauza kuti paketi palibe, analemba pagulu kuti sangaikire umboni katundu wopanda dzina, ndipo chilichonse chikachitika iwo ananena kale.

Ulendo uno panalibe khamu. Apongozi anasankha m'mawa wa tsiku wamba, ndipo pemphero linali lalifupi. Bambo wa usipa anaimika boti lake patali kuposa kale, thabwa latsopano likuoneka losiyana ndi anzake. Mawaya anafika. Apongozi anavala magalasi, anayamba achotsa kaye chigubu cha petulo n'kukachiika kutsogolo, anapana wofiira ku wofiira, ndipo wakuda anamalizira kumupana pachitsulo cha injini, kutali ndi batire. Zimenezi anaziwerenga pakapepala ka m'chikwama cha ku Joni, kamene alamu eni ake sanakatsegule. Bambo wa usipa analiza injini yake, tinadikira pang'ono, apongozi n'kutembenuza kiyi. Injini inalira nthawi yomweyo. Ndinagwira waya kuti ndimve ngati watentha, koma anali wozizira. Woyendetsa boti, amene nthawi yonseyi anali ataima m'mphepete mokonzeka kudumphanso, anakhala pansi.

Madzulo ake apongozi analemba uthenga wautali pagulu. Anathokoza Mulungu. Anathokoza mwana wawo wamkulu chifukwa chotiphunzitsa kuti majampa ayenera kukhala onenepa, ndiponso chifukwa cha kapepala. Anathokoza wachiwiri chifukwa chotiphunzitsa kuti ayenera kukhala aatali. Anati nzeru za ana awiriwa zitaphatikizana, boti layenda. Kumapeto kwenikweni anawonjezera kuti athokozenso mkamwana, amene ananyamula. Alamu anayankha kuti izi ndi zimene iwo ankanena kuyambira pachiyambi. Amuna anga anauza aphunzitsi anzathu kusukulu kuti anandituma ndi iwo.

Ndisanamizire apongozi, mphotho yanga anandipatsa. Loweruka lotsatira anandiitana kuti ndikwere nawo ulendo wopita kumudzi wina wa m'mbali mwa nyanja, ulemu umene ngakhale ana awo anali asanaulandire. Ine wobadwira kumapiri a Dedza, madzi aakulu amene ndinkawadziwa anali a m'dambo la kwathu nthawi ya dzinja. Ndinayesa kukana ponena kuti ndili ndi makope oti ndichonge, koma apongozi aakazi anati mphatso ya adada sakana, ngakhale kuti iwo eni ake anatsala pamtunda ndi ambulera yawo.

Anandikhazika pa ndowa ya majampa, pakati pa matumba a ufa ndi malata a munthu wina. Titangochoka pagombe ndinasanza tiyi wa m'mawa, ndinasanza ndi zadzulo zomwe, amayi a m'botimo akundigwira chitenje kuti ndisagwere m'madzi. Apongozi anakhala pafupi nane, akundionetsa mapiri ndi mitsinje yogwera m'nyanja, kutchula dzina lililonse ndi mbiri yake, ine mutu uli kunja kwa boti. Pena anasiya kulankhula, anatulutsa kampango kawo koyera ka m'thumba la jekete, anakanyowetsa n'kundiika pachipumi monga ankachitira ndi odwala awo.

“Yewo chomene, mwana wanga,” anatero motsitsa mawu, kuti ena asamve. “Unasankha bwino.”

Funde lina linafika, ine n'kusanzanso.

Titakocheza ndinagona pamchenga pansi pa mtengo, dziko likuzungulirabe. Nditapezako bwino ndinauza apongozi kuti pobwerera ndikwera galimoto, ngakhale ya makala. Anandikumbutsa mokoma mtima kuti kumeneko kulibe msewu, ndipo n'chifukwa chake anagula boti. Njira ya pansi ilipo, yokwera ndi kutsika m'matanthwe, koma ndi nsapato zimene ndinavala ndikanafika mawa lake. Ndinadya nthochi imodzi imene mayi wina anandipatsa, ndinadikira kuti amalize kutsitsa malata, ndipo dzuwa lili pamutu ndinakweranso.